Alamu, za Gold Wing ija tamverani kaye

Alamu, mwaswera bwanji uko ku Ntcheu? Achemwali ali bwanji, ndi ana? Kuno ku Dedza tilipo, kuzizira kokhaku basi. Funso lanu ndaliona pagulu pano, zithunzi nazonso ndaziona, koma kuti ndilembe zala zingatope, ndiye ndingolankhula. Enanu amene za njinga sizikukukhudzani mungodutsa, musawononge bandulo. Mwati mwapeza Honda Gold Wing ya 2008 pa Facebook, ili ku Joni, mtengo wake ndi wofikirika, ndipo mukufuna muziyenda awiri ndi achemwali anga, kunyanja, ku Lilongwe, kumudzi ku Tsangano. Ndiye mukufunsa kuti eni njinga zazikuluzi amati bwanji, mugule kapena musagule.

Ndiyambe n'kuiyamikira kaye, mungati ndikuchita nsanje. Kwa munthu wokhala kumbuyo, Gold Wing ilibe inzake. Izi ngakhale amene amaida amavomereza. A Honda anayamba kuipanga mu 1975, ndipo yanuyo ndi mtundu wa GL1800, injini ya masilinda 6, ya 1,832cc, yosanjenjemera. Kumbuyo kuli mpando weniweni wotsamira, galasi lakutsogolo limatchinga mphepo, mabokosi a katundu ndi omangira pomwepo, ilibe tcheni choti muzithira oilo chifukwa imayendera shafuti, ndipo ili ndi rivesi. Eee, njinga yobwerera m'mbuyo yokha. Kuli bambo wina ku Lilongwe amene timakumana naye tikamayenda ndi anzathu a njinga, ali nayo yoteroyo. Iyeyo amati mayi akunyumba kwake amachita kuodzera kumbuyoko, Lilongwe mpaka Blantyre osadandaula msana, moti njinga ina iliyonse anaikana. Koma bambo yemweyo ukamufunsa ngati amapita nayo kumudzi kwawo, amangoseka. Kumudzi amapita pa pikapu.

Nkhani yanu yagona pamenepo, alamu. Rivesi ija sanaikepo mongokometsera ayi, anaikapo chifukwa njingayo ndi miyendo simungaikankhe. Imalemera makilo oposa 400 musanakwerepo n'komwe. Amenewo ndi matumba 8 a feteleza mutawaimika pa matayala awiri. Boxer imene munazolowera ija ili cha m'ma 120. Ndiye mukwerepo inu, akwerepo achemwali, muike katundu, mwayandikira 600. Ikamathamanga kulemerako sikumveka, imangoyandama. Vuto lili poima ndi poyenda pang'onopang'ono. Tiyerekeze muli pa Lizulu, a kabichi ndi a tomato adzaza msewu, minibasi yaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanu, inu mwagwira buleki, mwatsitsa phazi, phazi lapeza kamchenga ka m'mbali mwa tala kaja. Ikangopendekeka pang'ono, yapita, palibe zoigwira. Kuidzutsa n'koitana anthu, ndipo mapulasitiki amene ang'alukawo ndi oitanitsa kunja, pa randi.

Ndiye pali za pansi pake. Kuchoka panthaka kufika pamimba pa njingayo ndi masentimita 13 osakwana bwino, mukakwera awiri imatsikanso. Mahampu a mu M1 muno mukuwadziwa. Bambo wa ku Lilongwe uja amawadutsa chopingasa, mwaulemu, komabe nthawi zina amamva yakhula. Tsono ganizirani njira yolowera kwathu ku Tsangano mu Disembala, dothi lofiira lija litanyowa, mathiraki a mbatatesi atakumba mizere mpaka m'mawondo. Matayala ake ndi a patala basi. Simukafika, alamu. Mukaisungitsa kwa munthu pa turn-off, n'kukwera kabaza, mkamwini wa Gold Wing kufika kwa apongozi pa Lifo ya eni. Hahaha. Anthu a kwathu aja sadzaiwala.

Kunyanja mwati mukufuna ku Cape Maclear. Ndiye mudzatsika Khwekhwerere, kuchoka pa Masasa kukafika ku Golomoti. Msewu uja ndi wa tala, ndi wokoma kwambiri pa njinga, koma makona ake ndi obwerera, otsetsereka, ndipo magalimoto okwera amadya mbali yanu. Munthu wodziwa amatsika nayo Gold Wing bwinobwino. Munthu amene dzulo lake anali pa 150cc, lero wanyamula makilo 600 ndi mayi wa ana ake kumbuyo, iyayi. Pamafunika kutsika ndi giya yaying'ono, injini izigwira yokha, osati kukakamira mabuleki mpaka atenthe. Zimenezi zimalowa m'manja pang'onopang'ono.

Tsono mverani za eni ena. Ife kuno timaona alendo ambiri a njinga, olowera pachipata cha Dedza kuchokera ku Tete, ena amaima kudzamwa khofi ku Pottery. Ukayang'ana amene ali awiriawiri, bambo ndi mayi, Gold Wing siioneka kawirikawiri. Ambiri ali pa BMW GS, ena pa Yamaha Super Ténéré, ena pa Honda Africa Twin. Ukacheza nawo amanena zofanana, kuti mpando wa Gold Wing amausirira, koma misewu ya kuno imafuna njinga yaitali miyendo. R1250GS imalemera makilo 249, tayala lakutsogolo ndi la mainchi 19, mashokapu ake amayenda pafupifupi masentimita 20, ndiye dzenje likakudzidzimutsani pakati pa Bembeke ndi Dedza imameza, limu osapindika. Nayonso ndi ya shafuti. Mtundu wa Adventure uli ndi thanki ya malita 30, mumadutsa makilomita 500 musanafune mafuta. M'zaka zino zimene takhala tikugona pamizere ya petulo, thanki yoteroyo si nkhani yamasewera. Gold Wing yanuyo thanki ndi malita 25, ndipo pa lita imodzi muziwerengera makilomita 16 kapena 17. Mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa msewu, osadziwika kuti asakaniza ndi chiyani, njinga zonsezi sizigwirizana nawo. Boxer imamwa chilichonse, izi ayi.

Koma GS ili ndi zake. Ndi yaitali, chishalo chili pa masentimita 85 mpaka 87, pamene cha Gold Wing chili cha m'ma 74. Inu alamu, tisanamizane, Mulungu anakupatsani zambiri koma msinkhu anaumana. Pa GS mudzaponda ndi zala zokha, pokhapokha mutapeza zotsitsa zija, zilipo zimene amazipanga zofupikirapo. Chinanso ndi chakuti magetsi ake ndi ambiri, kuti makaniko adziwe chavuta amafuna kompyuta yolumikiza. Mnyamata wa pa Ntcheu amene amamasula ma Lifo pansi pa mtengo ndi katswiri pa ntchito yake, koma pamenepa musamuyese. Africa Twin pafumbi ndiye mfumu, tayala lakutsogolo mainchi 21, koma amayi ambiri amadandaula kuti mpando wakumbuyo ndi wochepa, ndipo zoyambirira zija za 2016 ndi za chubu. Msomali ukabaya, mpaka kuchotsa tayala lonse. Pamene tayala lopanda chubu mumangotseka kabowoko ndi kachingwe kaja, kupopa, ulendo.

Ine mukudziwa ndili pa Suzuki V-Strom 650. Sindikunena kuti ndiyo yabwino kuposa zonse. Mlamu wanu amati akakhala maola awiri amafuna titsike awongole miyendo, ndipo pokwera phiri titanyamula katundu ndimatsitsa giya, pamene a GS amangodutsa. Koma imalemera cha m'ma 215, thanki malita 20, lita imodzi imandipatsa makilomita oposa 20 tili awiri, ikagwa ndimadzutsa ndekha, ndipo kwa amayi ku Tsangano imafika mpaka pakhomo. Tcheni ndimathira oilo ndekha, si ntchito. Ena amati 650 ndi yochepa kwa anthu awiri. Yochepa pa chiyani? Msewu wathu uno wa mbuzi, njinga zakapalasa, ana a sukulu ndi a traffic obisala ndi kamera, mudzathamanga pati? Mahatchi onse a 1,800cc aja mudzangowalipirira mafuta.

Pali chinthu china chimene ogula saona, ndipo ogulitsa sanena. Njinga iliyonse ili ndi malire a zimene inganyamule, amalemba m'buku lake. Ndipo chodabwitsa n'chakuti zonsezi, yaikulu ndi yapakati yomwe, malirewo ali pafupifupi makilo 200. Gold Wing kukula konse kuja sikuti imanyamula zambiri kuposa yanga, kulemera kwake ndi kwa iyo yomwe. Ndiye chotsani kulemera kwanu, chotsani kwa achemwali, sindinena manambala pagulu pano angandiphe, chotsani zipewa ndi majekete, chotsala ndi kachikwama ka zovala. Pobwerera kumudzi amayi akakutulutsirani thumba la mbatatesi ndi nkhuku, mudzakana ndi mawu otani? Mukanyamula munthu mumalimbitsanso shokapu yakumbuyo ndi kuwonjezera mpweya m'tayala lakumbuyo, zambiri zimafuna cha m'ma 41 kapena 42 PSI pa geji yopimira mpweya. Osatero, njinga imakhala pansi kumbuyo, kutsogolo kumapepuka, ndipo usiku nyali imawalira m'mitengo.

Tsopano achemwali, ndikudziwa mukumvera, izi ndi zanu. Pagulu pano alamu okha ndi amene alankhula, inu simunanene kanthu, pamene woti adzakhale kumbuyoko maola anayi ndinu. Njinga zoterezi sitikhala chammbali monga pa kabaza popita kumsika. Mwendo uku, mwendo uku, thalauza lolimba, nsapato zotseka, jekete, magolovesi, chipewa chotseka nkhope yonse chokukwanani inuyo, osati chobwereka chogwedera. Chitenje muziika m'bokosi, mukavale mukatsika pakhomo pa amayi, chifukwa chikalendewera n'kukodwa m'tayala chimakugwetsani nonse awiri. Pokwera mumadikira alamu anene kuti kwerani, potsika chimodzimodzi. Pakona musadzuke kuti muwongole njinga, ingoyang'anani paphewa lawo la mbali imene mukukhotera. Pakaima musatsitse phazi, miyendo ya pansi ndi ya woyendetsa. Ndipo pa njinga iliyonse imene angagule, muumirire bokosi lakumbuyo lokhala ndi kotsamira. Mlamu wanu amati kabokosi kameneko ndi kamene kanamuchotsa mantha oti agwera kumbuyo ndikakoka mafuta. Ngati mukuona kuti si zanu, nenani panopa ndalama zisanatuluke. Ndaonapo njinga zokongola zitaphimbidwa ndi lona pakhonde chifukwa mayi anakwera kamodzi n'kulumbira.

Za mapepala ndingodutsamo mwachangu. Laisensi ya A1 imathera pa 125cc, kupitirira pamenepo ndi ya A, ndiye yang'anani khadi lanu, mwina mukafunika ku Road Traffic. Njinga yochokera ku Joni imafuna chikalata cha apolisi a kumeneko, cha SARPCCO, chotsimikiza kuti si yobedwa, popanda chimenecho kuno simudzalembetsa. Msonkho wa MRA mufunse kwa ejenti musanatumize ngakhale randi imodzi, chifukwa mtengo mwauona pa Facebook uja si umene mudzalipire njinga ikamafika pakhomo. Kumbukiraninso kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo tayala, mabuleki, fyuluta, zonse ndi zogula ndi ndalama zakunja. Tayala lakumbuyo la Gold Wing ndi la mainchi 16, lachilendo, simungalipeze polowa m'sitolo ku Lilongwe n'kutuluka nalo. Ndipo zoti mukaitenge nokha muyendetse kuchoka ku Joni, kudzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Dedza, makilomita pafupifupi 1,800 pa njinga imene simunaikwerepo, chotsani m'mutu. Ikwere thiraki.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Mukanakhala kuti muli ndi galimoto yolowera kumudzi, munayendetsapo njinga yaikulu zaka zingapo, ndipo mukufuna ya Lamlungu yokha, tala yekhayekha, ndikanati gulani Gold Wing, achemwali asangalale. Koma inu mukufuna njinga imodzi yochita zonse, ndipo mukuchokera pa Boxer. Yambani ndi yapakati, V-Strom 650 kapena ina ya msinkhu womwewo, yokhala ndi ABS, mabuleki aja osalola tayala kukakamira mukagwira mwadzidzidzi. Muyende nayo nokha miyezi ingapo, kenako muyambe kunyamula achemwali timaulendo tifupitifupi, Ntcheu kufika pa Kampepuza n'kubwerera. Mukadzaona kuti yakuchepera, mudzagulitsa mosavuta, n'kukwera ku Super Ténéré kapena GS yofupika ija.

Loweruka bwerani kuno nonse awiri. Yanga ilipo, zipewa ziwiri zilipo. Alamu mukayamba nokha pabwalo, ndione mmene mukuimira ndi kutembenuka, kenako achemwali akhalepo amve mpando. Ndimuimbiranso bambo wa ku Lilongwe uja, ngati ali ndi mpata abwere nayo Gold Wing yake, muyese kungoiimika pa stendi n'kuikankha mamita awiri injini itazima. Pakadali pano wogulitsayo musamupatse dipoziti. Muuzeni atumize vidiyo akuliza injini m'mawa isanatenthe, buku la sevisi, manambala anayi a patayala osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, ndi nambala ya chasisi. Akayamba kuzemba pa nambala ya chasisi, musiyeni pomwepo. Mubwere ndi majuzi, kuno si ku Ntcheu.