Andipatsa uhedi misozi isanaume, ndivomere?

Imelo iyi yakhala mu foni yanga masabata atatu ndisanayankhe, achemwali mundikhululukire, sikuti ndinaiwala ayi. Ndimaitsegula, kuwerenga mizere iwiri, kutseka. Mwalemba kuti ndinu adepute pa pulayimale ina mtauni ku Lilongwe, bambo akunyumba anatisiya mu February, ahedi anu akupuma pa ntchito ndiye akuluakulu akufuna mpandowo mukhalepo ndinu. Funso lanu ndi loti, ndivomere kuti mwina ntchito indiiwalitse, kapena ndikane?

Mawu oti indiiwalitse amenewo ndi amene anandigwira pakhosi, chifukwa ine njira imeneyo ndinaiyendapo. Koma ndisanafike kwa ine ndiloleni ndikuuzeni za mayi wina amene anali hedi wanga kuno ku Baltimore, ku America, chifukwa zonse zomwe ndikudziwa pa nkhani yoyendetsa sukulu mtima uli ndi bala ndinaziona pa iye.

Dzina sinditchula. Ife timangomuti Ate, mawu a chi Tagalog amene amatanthauza ndendende achemwali. Anabadwira ku Tacloban pa chilumba cha Leyte ku Philippines, anaphunzitsa masamu kwawoko zaka zambiri, kenako nkubwera kuno nthawi imene mzinda wa Baltimore unayamba kukatenga aphunzitsi ku Philippines, kuyambira cha mu 2005, chifukwa masamu, sayansi ndi makalasi a ana ofunika thandizo lapadera analibe owaphunzitsa. Anabwera mazanamazana. Iye kuti akwere ndege abale ake anapinyolitsa munda kuti alipire ma ejenti, atafika anakhala azimayi asanu mu flati imodzi, matiresi pansi, mmawa kudikira basi mu chisanu chomwe anali asanachionepo chibadwire. Ana mkalasi amamuseka kayankhulidwe, wina anamuuza pamaso kuti bwererani ku China. Ine zimenezo sindinachite kufunsa kuti zimawawa bwanji, nanenso L ndi R wanga ana anamutafuna chaka chathunthu.

Pali chinthu china chomwe anandiuza tsiku lina tikudya pancit mu sitafu rumu chomwe sindinachiiwale. Akuti mu 1901, America itangolanda Philippines kwa Spain, inatumiza aphunzitsi oposa 500 pa sitima yotchedwa Thomas kuti akaphunzitse ana achi Filipino mu Chingerezi, mpaka lero amawatcha ma Thomasite. Patapita zaka zana zidzukulu za ana aja ndi zomwe zikuwoloka nyanja kudzaphunzitsa ana a ku America. Amati akamalowa mkalasi ana akusokosa amakumbukira zimenezo kuti asadzione ngati wopemphetsa. Ndipo musaganize kuti onse zinawayendera. Pafupi pompano ku Prince George's County, mu 2011 boma linapeza kuti aphunzitsi obwera oposa 1,000, ambiri achi Filipino, anawalipiritsa okha ndalama za viza zomwe amayenera kulipira owalemba ntchito. Linalamula kuti abwezeredwe madola 4.2 miliyoni, koma linaletsanso dera lija kwa zaka ziwiri kupangira anthu mapepala, mapeto ake olakwiridwa omwewo ndi amene ma viza anawathera mmanja, ena nkupakira kubwerera kwawo. Ate anapulumuka chifukwa mapepala ake anali atatuluka kale, pambuyo pake anakhala nzika.

Uhedi anamupatsa mu August 2013. Sukulu yake inali ya mbali ya mzinda komwe nyumba zina mazenera anakhomapo matabwa, ana ambiri chakudya chodalirika ndi chomwe amadya kusukulu, aphunzitsi atsopano ena amathawa Khrisimasi isanafike. Miyezi itatu yokha ali pampando, pa 8 November, chimphepo cha Haiyan, kwawo amachiti Yolanda, chinagwa pa Tacloban. Madzi a mnyanja analowa mtauni ngati khoma. Anthu oposa 6,000 anafa. Masiku asanu Ate amayimba foni osalowa, amangoyang'ana zithunzi pa Facebook kufunafuna nkhope. Mayi ake anawapeza. Mchimwene wake mpaka lero sanapezeke. Amene munaona za Freddy mu March 2023 ku Chilobwe ndi ku Phalombe mukudziwa kuti maliro opanda thupi ndi chiyani, sindifunika kufotokoza.

Ndiye Lolemba lake anabwera kuntchito. Lachiwiri anabwera. Amayima pa geti 7 koloko kulonjera ana mmodzimmodzi ndi dzina, ife nkumanong'onezana kuti eee mayi uyu ndi wolimba. Ineyo ndinali mmodzi mwa omuyamikira, ndipo pano ndikaganiza zimandipweteka chifukwa tinali kuombera mmanja munthu akumira. Mu December tsiku lina belu linalira iye kulibe pa geti. Bambo wina wosesa anakamupeza mgalimoto pa malo oimikapo, injini yozima, manja pa chiwongolero, akulephera kutsegula chitseko. Anakhalamo pafupifupi maola awiri.

Chomwe anachita mawa lake ndi chomwe ndikufuna mumve. Anaitanitsa miting'i ya aphunzitsi tonse, anayima kutsogolo nkunena kuti ine sindili bwino, ndipo sindikhala bwino msanga. Hedi, wa miyezi inayi pampando, mlendo mdziko la eni, pamaso pa aphunzitsi ena amene sanafune nkomwe kuti iye apatsidwe udindowo. Kenako anatenga cholembera nkulemba pa bolodi ntchito zake zonse, geti ya mmawa, milandu ya ana omenyana, makolo obwera atakwiya, kuyendera makalasi, ma ripoti opita ku likulu, bajeti, nkufunsa kuti ndani atenga chiti mpaka June. Anasunga ziwiri zokha, kuyendera makalasi ndi bajeti. Mu ofesi mwake munali chithunzi cha amuna ambiri atasenza nyumba ya nsungwi pamapewa kuisamutsa, kwawo amati bayanihan, ndipo anatiuza kuti chithunzicho anachipachika ngati chokongoletsa koma tsopano akufuna tichichite. Ine ndinatenga geti.

Anthu akwawo nawonso sanamusiye. Iwo ali ndi pasiyam, masiku asanu ndi anayi a mapemphero munthu akamwalira, kenako amakumananso pa tsiku la 40, kenako chaka chikatha pali babang luksa pomwe wofedwa amavula zakuda. Aphunzitsi anzake achi Filipino anadzaza flati yake usiku uliwonse ndi makorona ndi mapoto a adobo, ine wa CCAP ndinakhala nawo pansi mpaka pakati pa usiku. Mu November 2014 analowa pa geti atavala diresi ya chikasu ndipo ana a giredi 5 anakuwa.

Sukulu sinagwe. Ndinganene kuti inalimba. Mu April 2015 mnyamata wachikuda dzina lake Freddie Gray atamwalira chifukwa chovulala ali mmanja mwa apolisi, mzinda nkuyaka ndi zipolowe, masukulu anatsekedwa pa 28, titabwerera Ate anati ola loyamba palibe masamu, mwana aliyense anene zomwe waona. Chaka chimenecho anthu oposa 340 anaphedwa mu Baltimore, ndiye kalasi iliyonse inali ndi mwana amene waika amalume kapena mchimwene. Ana aja amalowa mu ofesi mwake okha osaitanidwa chifukwa amadziwa kuti mayi uyu analirapo poyera.

Za ine

Bambo a ana anga anamwalira mu 2017, mwadzidzidzi, Loweruka mmawa. Amalawi akuno anasonkha, tinanyamula thupi kukaika ku Ntcheu, ndinakhala masabata awiri nkubwerera. Ndipo ine amene ndinaona zonse za Ate ndi maso angawa ndinachita zosiyana nazo. Ndinavomera utsogoleri wa aphunzitsi a giredi yathu, ndinatenga makalasi a madzulo, ndinalembetsa sukulu ya pa holide, chilichonse choti ndisafike kunyumba kukadali kowala nkuona nsapato zawo pakhomo. Aliyense amati mukulimba, Mulungu akukugwirani dzanja. Miyezi isanu ndi umodzi ndinayenda choncho. Tsiku lina kamnyamata ka zaka 9 kanagwetsa bokosi la mapensulo pansi, basi, mapensulo, ine ndinakakalipira mpaka mawu kusasa, kalasi yonse zii, kamwanako kananjenjemera nkudzikodzera. Kamwana koti kunyumba kwawo kukalipiridwa ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku, kusukulu ndi kokhako komwe kamapumako.

Ate anandiitana. Sanandikalipire, anangondilanda makalasi a madzulo ndi utsogoleri uja, nkundipatsa nambala ya a uphungu, nkunena kuti Lachinayi lililonse 3 koloko sakufuna kundiona pasukulu. Ndinamukwiyira miyezi iwiri, moni ndimangoyankha wa pakamwa. Kamnyamata kaja ndinakapepesa pamaso pa kalasi, kanati palibe kanthu, koma sikanabwerenso kudzandionetsa zojambula zake ngati kale mpaka chaka chinatha.

Nchifukwa chake mawu oti limbani mtima ine ndinadana nawo, ndipo ndikunena mosabisa. Timawanena pa maliro aliwonse ngati moni, koma mmatauni kwathuko asanduka lamulo loti lira masiku atatu, Lolemba ukasaine. Makolo athu sanali choncho. Amayi amagona pa siwa, kunali kumeta, kunali sadaka, chaka chikatha kumanga chiliza, wamasiye samatumidwa kumunda mawa lake. Amadziwa kuti chisoni chili ndi kalendala yake. Ife ophunzirafe ndi amene tadula zonsezo nkusiya ka mawu kamodzi kouma, kenako tikumupatsa mayi wofedwa mu February sukulu ya ana masauzande, makalasi ena pansi pa mtengo, mabuku osakwana, makolo okwiyira ndalama za chitukuko, nkumati zimuthandiza kuiwala. Sizithandiza. Ntchito siiwalitsa munthu, imangosunthira chisoni pa anthu amene sangakubwezere, ndipo pasukulu anthu amenewo ndi ana. Mphunzitsi akapsa mtima ivulala kalasi imodzi, hedi akapsa mtima aphunzitsi onse amalowa nawo mkwiyowo mmakalasi mwawo. Ndipo azibambo ofedwa amawafunsako kuti mwapeza wokuthandizani ana? Ife amangotiyamikira mphamvu.

Komanso sindikufuna mundimve ngati ndikuti wamasiye sangatsogolere. Ndikukana zimenezo ndi mtima wonse, ndipo alipo azilamu ndi anzanu a mu sitafu rumu amene adzakuuzeni choncho chifukwa mpandowo akuufuna okha. Hedi wabwino kuposa onse amene ndagwirapo naye ntchito anali mayi amene mchimwene wake anatengedwa ndi madzi.

Nde mupange bwanji

Ngati chifukwa chanu chovomerera ndi chomwe mwalembacho, kuti muiwale, kanani, kapena pemphani kuti muyambe temu ikubwerayi osati pano. Ngati uhedi mumaufuna kale bambo asanadwale, vomerani, koma musanasaine khalani pansi ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale mu zoni yanu, muwauze chilungamo, lembani ntchito zonse za hedi pa pepala, musankhe ziwiri kapena zitatu zanu, zotsalazo zipite kwa adepute atsopano, ma hedi a ma sekishoni, a komiti ya sukulu ndi a mother group, ndi mayina, osati pakamwa. Tsiku limodzi pa sabata muziweruka dzuwa likadalipo.

Mwatchulanso kumapeto kwa imelo kuti mwana wanu wamkazi wa Fomu 2 wasiya kudya nanu pa tebulo, amatengera mbale kuchipinda. Munaziika ngati zongowonjezera koma ine ndi pomwe ndinaima nthawi yaitali. Wanga anachitanso chimodzimodzi ndipo ndinazizindikira mochedwa chifukwa ndimafika ali mtulo. Lachinayi loyamba lomwe Ate anandithamangitsa pasukulu ndinamupeza atakhala pansi mu kabati ya zovala za bambo ake, atavala jekete yawo, akuchita homuweki. Akuti amatero tsiku lililonse. Ndinakhala naye pansi momwemo mpaka kunada, sitinayankhule zambiri, kenako tinaphika nsima ndi mazira.

Ate anapuma pa ntchito, pano amakhala miyezi ina kuno ina ku Leyte, komwe November aliyense amakayatsa kandulo mmbali mwa msewu pamodzi ndi anthu ena a mu Tacloban. Ndinamuimbira kumuuza za imelo yanu, osatchula dzina, ndipo anandifunsa funso limodzi lomwe inenso ndikukufunsani, mundiyankhe pa imelo yomwe ija: tsiku lomwe mudzalephere kutsika mu minibasi pa siteji ya sukulu, ndani adzayime pa geti? Munditumizire mayina awo, akhale osachepera atatu.