Mtengo wa curry wasanduka wachikasu mu Juni: kodi ukufa?

Mayi wina wa ku Chelstone, mumzinda wa Lusaka, watilembera imelo. Akuti anapatsidwa kamtengo ka curry, komwe masamba ake amathira mu ndiwo, mu Disembala, anakabzala mumphika ndipo kanakula bwino nthawi yonse yamvula. Kuyambira Juni masamba akusanduka achikasu n'kumayoyoka. Akuthirira m'mawa uliwonse, athirako feteleza wa D compound kawiri, koma palibe chasintha. Anafesanso njere zouma zogula, osamera ngakhale imodzi. Akufunsa ngati mtengowu umakana Lusaka.

Amayi, mtengowu umakula ndithu kuno. Koma lero lomwe lekani kuthirira tsiku lililonse, ndipo feteleza muyambe mwamuika pambali. Zinthu ziwirizi ndi zimene zingauphe, osati kuzizira.

Mtengo wa curry, Murraya koenigii, ndi wa banja limodzi ndi malalanje ndi mandimu. Kwawo ndi ku India ndi ku Sri Lanka, m'nkhalango zofunda. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kutentha kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10. Kukazizira chonchi mtengowu umaima kukula, mizu imayamwa pang'ono, masamba ena n'kugwa. Madzi a tsiku ndi tsiku amangodikha mumphika mpaka mizu kuola, ndipo feteleza amene sakuyamwidwa amawotcha timizu tating'ono. Kandani khungwa ndi chikhadabo: ngati mkati muli mobiriwira, mtengo uli moyo. Pisani chala m'dothi masentimita 5, ndipo muzithirira pokhapo mwapeza kuti lauma, mwina kamodzi pa sabata. Onetsetsani kuti mphika uli ndi zibowo pansi, muusunthire pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto, chifukwa ndi limene limawombedwa ndi dzuwa m'miyezi yozizira. Kukayamba kufunda, chakumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, udzaphuka. Feteleza adikire nthawi imeneyo, ndipo theka la supuni yaing'ono m'mbali mwa mphika n'lokwanira.

Vuto lina, limene ambiri salizindikira, lili m'madzi. Mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa thanthwe la laimu, mwala womwe ku Chilanga amapangira simenti. N'chifukwa chake ketulo yophikira madzi a pamjigo imakhala ndi zoyera zouma pansi. Laimu yemweyo amaunjikana mumphika n'kutsekereza ayironi kuti mizu isamuyamwe, ngakhale m'dothi alimo. Yang'anani bwino masamba amene akusintha. Ngati ndi anthete a kunsonga, achikasu koma mitsempha yake yobiriwira, ndi ayironi. Gulani iron chelate (feteleza wa ayironi) ya mtundu wa EDDHA, chifukwa mitundu ina siigwira ntchito bwino m'dothi la laimu, ndipo tsatirani muyezo wa papaketi. Ngati ndi masamba akale a m'munsi amene akuyera pakati pa mitsempha, kawirikawiri ndi magnesium: supuni yaing'ono imodzi ya Epsom salt (mchere wokhala ndi magnesium) mu lita imodzi ya madzi, kamodzi pamwezi, nthawi yofunda yokha. Mvula ikayamba muzitunga madzi a padenga m'mbiya kapena m'dramu, ndiwo abwino pa mitengo yonse ya banjali. Ndipo chonde musathire phulusa patsinde pofuna kuthamangitsa nyerere. Phulusa limangowonjezera vuto lomweli.

Za njere zija, vuto silinali dzanja lanu. Njere ya curry ikauma imafa, ndiye yogula youma musaiyembekezere. Pemphani zipatso zakupsa, zakuda bii, kwa amene ali ndi mtengo waukulu. Finyani, tsukani njereyo, mufese tsiku lomwelo sentimita imodzi pansi, m'dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje. Kukakhala kofunda imamera pakatha masabata 2 kapena 3. Njerezi sizidyedwa, musazisiye poti ana angatole. Njira yachidule, yomwe ife timaikonda, ndi kukumba timitengo tophukira ku mizu ya mtengo waukulu, mvula itakhazikika, kamtengo kakhale ndi mizu yakeyake.

Ngati muli ndi malo, mu Disembala uchotseni mumphika. Kumbani dzenje la masentimita 60 m'lifupi ndi kuya komwe, musakanize dothi lapamwamba ndi ndowa ziwiri za manyowa owolerana, pamalo adzuwa, mamita 3 kuchoka pakhoma. Ukasiyidwa umafika mamita 4 mpaka 6, wowongoka ngati ndodo, masamba ali kumwamba kokha. Tsinani nsonga ukafika masentimita 40 kuti uchite nthambi, ndipo maluwa muzidula ngati simukufuna njere. Pothyola ndiwo dulani kamphukira konse, osapulula timasamba n'kusiya mitsitsi yake ili njo.

Tizirombo ta mandimu timabweranso apa. Mbozi zooneka ngati zitosi za mbalame zimatha kamtengo kakang'ono m'masiku ochepa, muzizitola ndi manja. Masamba akachita mwaye wakuda ndipo nyerere zikukwera n'kumatsika, yang'anani kuseri kwa masamba ndi patsinde, mupeza tizirombo tomata. Pukutani ndi kansalu konyowetsa m'madzi a sopo wochepa, madzulo, n'kutsukuluza masamba bwino musanawathire mumphika wa ndiwo.