Komwe mungapeze zolembedwa zakale za Aromani ndi ma Traveller

Achemwali, mwafunsa komwe mungayambire kafukufuku wanu wa chikhalidwe cha Aromani ndi ma Traveller, poti muli pa sukulu ku England ndipo ndalama zoyendera n'zochepa. Choyamba sankhani gulu limodzi, chifukwa awa si mtundu umodzi. Makolo a Aromani anachokera ku India ndipo chinenero chawo ndi Chiromani. Ma Traveller a ku Ireland, anthu a mwambo woyendayenda, kwawo n'komweko, ali ndi chinenero chawo chotchedwa Cant kapena Gammon, ndipo boma la Ireland linawavomereza kuti ndi mtundu pawokha mu 2017. Mukawasakaniza mudzatha miyezi mukuitanitsa mabokosi olakwika.

Ngati ndi Aromani a ku Britain, yambirani ku yunivesite ya Liverpool. Laibulale ya Sydney Jones imasunga zolembedwa za Gypsy Lore Society, bungwe lofufuza za Aromani lomwe linayamba mu 1888, pamodzi ndi mabuku ndi makalata a R. A. Scott Macfie, yemwe anali mlembi wa bungweli. Muli zithunzi, makalata ndi mindandanda ya mawu a Chiromani yolembedwa pamanja. Mukatha apo pitani ku laibulale ya Brotherton ku Leeds, komwe kuli mabuku ndi zolembedwa za Aromani zomwe wolemba mabuku Dorothy Una Ratcliffe anapereka mu 1950. Musangofika osadziwitsa. Onani kaye katalogi pa intaneti, lembani nambala ya chinthu chilichonse chomwe mukufuna, mutumize imelo padakali masiku angapo, chifukwa zinthuzi amachita kukazitulutsa kosungira. Tengani chitupa ndi pensulo, cholembera cha inki salola m'chipinda chowerengera. Funsiranitu ngati amalola kujambula ndi foni, ndipo mafailo ena a anthu amene angakhale adakali moyo mudzapeza ndi otseka.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa mawu ofufuzira. Mukalemba "Roma" m'katalogi yakale mupeza zochepa kwambiri. Olemba akale ankagwiritsa ntchito "Gypsy", "Gipsy", "Egyptian", "tinker" kapena "hawker". Ena mwa mawuwa eni ake amawaona ngati chipongwe, koma ndiwo ali pamapepala, choncho yesani onse limodzi ndi mayina a mabanja monga Boswell, Lee, Lovell ndi Wood.

Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti zambiri zimene mudzawerenge sanalembe ndi Aromani. Analemba ndi akatswiri odzera kunja, apolisi ndi makhoti. Akatswiri ambiri akale ankasakasaka amene ankati ndi "Aromani enieni", ena onse n'kuwanyalanyaza, moti kusowa kwa banja m'mabokosi sikutanthauza kuti kunalibe. Ku Ireland nakonso, mafunso omwe Irish Folklore Commission, bungwe losonkhanitsa miyambo ndi nthano, inatumiza mu 1952 okhudza ma Traveller anayankhidwa ndi anthu okhazikika m'midzi. Mayankhowo ali ku National Folklore Collection ku Dublin, ndipo amakuuzani zambiri za maganizo a oyankhawo. Za ku Germany n'zowawa kwambiri: mafailo a Robert Ritter, dokotala amene ankachita kalembera wa Aromani, omwe ali ku Bundesarchiv (kosungira zolembedwa za boma la Germany), analembedwa pofuna kusankha anthu oti azunzidwe mu ulamuliro wa Nazi. Pepala lililonse muzilifunsa kuti analemba ndani ndipo ankafunanji.

N'chifukwa chake ndikuti musadalire mapepala okha. Pa tsamba la intaneti la Tobar an Dualchais mungamvere kwaulere mawu a ma Traveller a ku Scotland akuimba ndi kusimba nthano, kuchokera ku School of Scottish Studies ku Edinburgh; mwachitsanzo, wofufuza Hamish Henderson anayamba kujambula mawu a Jeannie Robertson, woimba wa chi Traveller, ku Aberdeen mu 1953. RomArchive, yomwe inatsegulidwa pa intaneti mu 2019, inakonzedwa motsogozedwa ndi Aromani eni ake, makamaka pa nyimbo, magule, zisudzo ndi zojambula. Ziwirizi yambani nazo sabata ino muli pakhomo, musanagule tikiti ya sitima.

Zithunzi za mabanja samalani nazo. Chilolezo cha laibulale n'chokhudza umwini wa chithunzi basi, koma zidzukulu za ojambulidwawo zilipo. Musanaike chithunzi mu pepala lanu la digiri, lemberani Romany and Traveller Family History Society kuti akuthandizeni kufikira banjalo.