Salale yanga imatha pa 15, kodi ndi chitaka?

FUNSO: Azakhali, ndine mayi wa ana atatu, ndikhala ku Kapata kuno ku Chipata ndipo ndisewenza mushopu ina mtauni. Ndimalandira K3,200 pamwezi koma pofika pa 15 mchikwama mulibe olo ngwee, ndiye ndimathamangira kwa akaloba, kutenga K500 kubweza K750, mwezi ndi mwezi ndi momwemo. Mowa sindimwa, salaula ndinagula kalekale. Anzanga akuti mwina alipo akundibera ndi chitaka. Nditani ine? Mayi wa ku Kapata.

YANKHO: Mwana wanga, pepani kwambiri, ndamva chisoni powerenga kalata yanuyi chifukwa kusewenza mwezi wonse nkumagona ndi nkhawa ya ndiwo zamawa ndi chinthu chowawa. Koma za chitakazo tiyeni tiyambe taziika pambali, tisanaloze munthu chala tione kaye komwe ndalamazo zikupita. Ndipo wina tamupeza kale mkalata mwanu momwemu: K250 ija mupereka pamwamba kwa akaloba, pachaka ikukwana K3,000, pafupifupi salale ya mwezi wathunthu kungopatsa munthu.

Gulani kabuku kaja ka ana asukulu, ndipo kwa masiku 30 muzilemba chilichonse chotuluka mmanja mwanu. Chilichonse ndithu, kaya ndi K2 ya chitumbuwa cha mwana, tomato wa pamsika wa Kapata, toktaimu, mabandulo, makala, chopereka cha kutchalitchi, ngakhale K20 ija munapatsa mlamu wanu atabwera kudzakuonani. Muzilemba madzulo omwewo musanagone chifukwa zikagona mwaiwala. Mwezi woyambawu musasinthe kadyedwe kapena kudzimana ayi, tikufuna tione chilungamo chake. Za pafoni nzosavuta, Airtel Money ndi MTN amatumiza meseji nthawi iliyonse mwatapa kapena kutumiza, musamafufute, ndipo muonetsetse kandalama kamene amadula pakutapa kulikonse, chifukwa kutapa pang'onopang'ono kakhumi pamwezi kumadya zambiri kuposa kutapa kawiri.

Chimene ambiri amadabwa nacho akawonkhetsa ndi tinthu tating'ono tatsiku ndi tsiku. Tinene kuti njinga mumalipira K10 popita kuntchito ndi K10 pobwera, pamasiku 22 ndi K440 imeneyo. Pamela, kapaketi kakang'ono ka ufa, wa K15 tsiku lililonse ndi K450 pamwezi, ndiye mukafunse mtengo wa thumba la 25kg mufananitse nokha. Chimodzimodzi saladi wothira mkapulasitiki ndi shuga woyeza pakantemba, zimaoneka zotchipa chifukwa mukutulutsa pang'ono koma ndiye zodula kwambiri, ndipo ine zimandipweteka kuti amene ali ndi zochepa ndi amene amagula modula.

Mwezi ukatha mpamene mupange bajeti, kuchokera mkabukumo osati mmutu. Tsiku lolandira lomwelo lipirani renti, gulani mayunitsi a magetsi a ZESCO, ufa, saladi, sopo, nyemba ndi kapenta za mwezi wonse, zotsalazo mugawe panayi muike mmaenvulopu, sabata iliyonse yakeyake, ya sabata yamawa osaikhudza.

Pali china chimene anthu amachita nacho manyazi kuchilemba, achibale. Ife kuno kummawa maliro sitithawa, komanso makolo kumudzi akafuna K400 ya feteleza wa FISP, uja boma limathandizira alimi, amaimbira inu amene muli mtauni. Musawataye, koma aikireni gawo lawo, olo K150 pamwezi, ikatha muziti "mwezi uno zathera, tionane mwezi wamawa" mwaulemu basi. Januwale nayenso musamuiwale, fizi musukulu zaboma inachotsedwa mu 2022 koma yunifomu, nsapato ndi mabuku a ana atatu zikadali pamutu panu, yambani kuponya kenakake pambali pano.

Akaloba simungawasiye tsiku limodzi. Mwezi wolemba mkabuku ukatha tengani K350 mmalo mwa K500, winawo K200, mpaka mutuluke. Chilimba, chija chosonkherana ndalama nkumalandira mosinthana, mulowe mukamasuka kaye, ndi anthu amene mumadziwa pakhomo pawo, ndipo isapose zimene kabukuko kakuonetsa kuti mungakwanitse.

Pakatha masiku 30 mundilemberenso, mundiuze zinthu zitatu zimene zadya ndalama zambiri, tidzaone limodzi poyambira kudula.