Kodi documentary yokha ndiyo imanena zoona?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene akuti amawerenga ndemanga zanga za mafilimu. Ndaifupikitsa, koma mutu wake ndi uwu:

"Ine ndi amuna anga timalimbirana rimoti. Iwo amangofuna ma documentary a ndale. Akuti munthu wamkulu sangakhale pansi maola awiri kuonera zilombo zochokera kumwamba ndi maloboti, zonsezo ndi nthano za ana. Ine ndimakonda mafilimu a sayansi yopeka ndi ma thriller, aja okhazika mtima m'mwamba. Inu mumalemba za mitundu itatu yonseyi ngati ndi yofanana. Kodi iwo sakunena zoona kuti documentary yokha ndiyo imatsegula munthu m'maso?"

Zikomo mayi chifukwa cholemba. Za rimotizo mukambirane nokha m'nyumbamo, ine sindilowererapo. Koma pa funso lenilenilo, bambo akulondola pang'ono, akuphonya kwambiri. Pa mitundu itatu mwatchulayi, umene ine ndimaonera ndili tcheru kuposa yonse ndi documentary ya ndale. Filimu ya zilombo imakuuziranitu pachiyambi pomwe kuti izi n'zopeka, ndiye mumadziwa poima. Documentary imabwera ngati mboni yolumbira, munthu n'kumasuka mtima, n'kuyamba kumeza chilichonse osatafuna.

Chifukwa chake n'chakuti filimu siibadwira mu kamera. Imabadwira pa tebulo la mkonzi, pamene amadula zithunzi ndi kuzilumikiza. Cha m'ma 1920 ku Russia, wopanga mafilimu Lev Kuleshov anatenga chithunzi cha nkhope ya katswiri wa zisudzo Ivan Mosjoukine, nkhope yosaseka, yosalira, yongoyang'ana basi. Anailumikiza ndi mbale ya supu, kenako ndi mayi wakufa ali m'bokosi, kenako ndi kamwana kakusewera ndi chidole. Malinga ndi mnzake Vsevolod Pudovkin, anthu amene anaonera anatama luso la Mosjoukine, ati apa akulingalira mozama, apa chisoni chamugwira, apa akumwetulira. Komatu nkhopeyo inali imodzimodzi m'malo atatu onse. Chisonicho ndi kumwetulirako anaikamo ndi oonerawo, potsogozedwa ndi mkonzi.

Tsono ganizirani documentary ya ndale. Akuonetsani nduna ikuseka mpaka misozi, ndipo chithunzi chotsatira ndi cha amayi ali pamzere kuchipatala chopanda mankhwala. Ndunayo inkaseka nthabwala ya paphwando la chaka china, koma inu mwapsa kale mtima. Palibe chithunzi chabodza chimene mwaona, zonse zinajambulidwa zikuchitikadi, koma bodza lanenedwa ndithu. Onjezani nyimbo yachisoni pansi pake ndi mawu okhuthala a wofotokoza, ntchito yatha.

Izi sizinayambe lero. Nanook of the North ya 1922, imene ambiri amaitcha gogo wa ma documentary, inali yokonza m'malo ambiri. Woijambula, Robert Flaherty, anauza alenje a mtundu wa Inuit kuti asake ndi mikondo pamene anali atazolowera kale mfuti, anamangitsa nyumba ya ayezi yosatseka mbali imodzi kuti kuwala kulowe, ndipo ngakhale dzina loti Nanook silinali la mwini wake, iye anali Allakariallak. Zimenezo tingati n'zachibwana tikayerekeza ndi Triumph of the Will ya Leni Riefenstahl, yotuluka mu 1935. Msonkhano wa chipani cha Nazi ku Nuremberg mu 1934 unachitikadi, makamu a anthuwo analipodi. Koma filimuyo imayamba ndi ndege ya Hitler ikutsika m'mitambo, ndipo akayamba kulankhula kamera imamujambula kuchokera pansi kuti aoneke chimphona. Imeneyo ndi documentary ya ndale, bambo asaiwale.

Thriller ndiye sukulu yabwino yophunzirira machenjera onsewa, chifukwa iyo sibisa kuti ikusewera ndi mtima wanu. Katswiri wopanga ma thriller Alfred Hitchcock, pocheza ndi wopanga mafilimu mnzake François Truffaut mu 1962, anapereka chitsanzo chimene sindinapezebe chochiposa. Anthu awiri akucheza pa tebulo, mwadzidzidzi bomba laphulika. Oonera adzidzimuka kwa masekondi 15, basi. Koma muwaonetse kaye bombalo lili pansi pa tebulo, muwaonetsenso wotchi, ndiye kuti macheza opanda pakewo asanduka mphindi 15 za thukuta. Luso lonse lagona pa kusankha chimene woonera adziwe, ndi nthawi imene achidziwe. Wokonza documentary amachita chimodzimodzi. Amakubisirani chikalata china mpaka kumapeto kuti muzidzidzimuka nacho, kapena amakubisirani mpaka kalekale chifukwa chikanawononga nkhani yake.

Pali filimu imodzi imene ndimakonda kuonetsa anthu a maganizo ngati a bambowo, The Battle of Algiers ya Gillo Pontecorvo, ya 1966. Ikukamba za nkhondo yomenyera ufulu wa Algeria kuchoka m'manja mwa France. Zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera, kamera imagwedera ngati ya mtolankhani amene akuthawa zipolopolo, moti poionetsa ku America anachita kulemba pachiyambi kuti mulibe ngakhale kachidutswa kamodzi ka nkhani zojambulidwa zikuchitika. Zonse ndi sewero. Mmodzi wa ochita sewerolo, Saadi Yacef, anali mtsogoleri weniweni wa gulu lomenyera ufulu la FLN mumzinda wa Algiers. Muli chigawo chimene amayi atatu amasintha kavalidwe ndi tsitsi kuti aoneke ngati azungu, n'kudutsa pa chipata cha asilikali atanyamula mabomba m'madengu. Wina amalowa m'nyumba yodyera, n'kukankhira dengu lake pansi pa kauntala ndi phazi. Kenako kamera imayendayenda pankhope za anthu ali m'menemo, bambo akumwa, achinyamata akucheza, kamwana kakunyambita ayisikilimu. Ndi bomba la Hitchcock lija ndendende. Filimuyo ili kumbali ya omenyera ufulu, sizobisa, koma sikulolani kuiwala kamwanako. Ku France inakhala zaka zisanu osaonetsedwa, ndipo mu 2003 akuluakulu a asilikali a America anaionera ku likulu lawo, Pentagon, nkhondo ya Iraq ili mkati. Filimu yopeka imeneyo.

Musamve ngati ndikunyoza ma documentary, ayi. Ina inatulutsa munthu m'ndende. Mu November 1976 wapolisi Robert Wood anaomberedwa ku Dallas, m'boma la Texas, ataimitsa galimoto usiku. Khoti linapeza Randall Dale Adams wolakwa n'kumugamula kuti aphedwe, makamaka potsamira umboni wa mnyamata wa zaka 16, David Harris, amene ndiye anaba galimotoyo. Adams anatsala masiku atatu okha kuti aphedwe pamene chilangocho chinaimitsidwa. Errol Morris anafufuza nkhaniyi n'kutulutsa The Thin Blue Line mu 1988, ndipo mu 1989 Adams anatuluka atakhala m'ndende zaka pafupifupi 12.

Chondisangalatsa n'chakuti Morris sananamizire kuti kamera yake ndi diso la Mulungu. Anatenga ochita sewero n'kujambula kuphedwa kwa wapolisiyo mobwerezabwereza, ulendo uliwonse malinga ndi mmene mboni ina inafotokozera. Apa galimoto ndi ya mtundu uwu, apo ndi ya mtundu wina. Apa wapolisi mnzake wamkazi waima kumbuyo kwa galimoto monga malamulo amanenera, apo akadali m'galimoto ya polisi, kapu ya chakumwa chake ikuuluka pang'onopang'ono n'kukatayikira pamsewu. Mukaona kapuyo kangapo mumayamba kufunsa nokha kuti kodi mayiyu anaonadi chiyani, ndipo anali pati. Pansi pake pakulira nyimbo za Philip Glass zongozungulira pamodzimodzi, ngati za thriller. Mapeto ake alibe ngakhale nkhope ya munthu, ndi kawailesi kojambulira mawu kali pa tebulo, tepi ikuzungulira, Harris akulankhula mawu otsala pang'ono kuvomera kuti Adams analibe mlandu. Akuluakulu a mphoto za Oscar sanaiike n'komwe pa mndandanda wa ma documentary chaka chimenecho, ndipo zimanenedwa kuti zigawo za sewerozo ndizo zinawakhumudwitsa. Kwa ine zigawo zimenezo ndizo zinali zoona kwambiri, chifukwa zinkaonetsa poyera kuti nkhani iliyonse ili ndi woinena.

Choncho ndikamalemba ndemanga ya documentary sindifunsa ngati zithunzi zake zili zenizeni, kawirikawiri zimakhala zenizeni. Ndimafunsa kuti ndalama zojambulira anapereka ndani, ndani sanapatsidwe mpata woyankha, ndipo munthu akamalankhula n'kudulidwa pakati pa chiganizo, mbali inayo yapita kuti. Mukaona kamera yachoka pankhope ya wolankhula n'kupita pa manja ake kapena pa zenera koma mawu akupitirira, nthawi zambiri pamenepo pali msoko umene mkonzi akuphimba. Ndipo documentary imene ikugwirizana ndi zimene ndimakhulupirira kale ndiyo ndimaikayikira kawiri, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tsopano zilombo zija. Godzilla yoyamba inatuluka ku Japan mu November 1954. Pa 1 March chaka chomwecho America inaphulitsa bomba la nyukiliya loyeserera ku Bikini Atoll, tizilumba ta m'nyanja ya Pacific, ndipo phulusa lake linagwera boti la asodzi a ku Japan, Daigo Fukuryu Maru, momwe munali anthu 23. Mmodzi wa iwo, woyendetsa wailesi ya botilo, anamwalira mu September. Filimuyo imayamba ndi sitima ya panyanja ikuwonongedwa ndi kuwala koopsa, ndipo chilombocho chimadzutsidwa ndi mabomba oyeserera. Anthu amene ankaonera anali atangotha zaka 9 chiponyedwere mabomba a nyukiliya pa mizinda yawo ya Hiroshima ndi Nagasaki. Palibe amene anafunika kuwamasulira. Muli malo pamene madokotala akupima ana ndi kachipangizo koyezera poizoni wa nyukiliya, ndipo pamenepo simuseka ngakhale mukudziwa kuti chilombocho ndi munthu wovala chikopa cha labala. Itafika ku America mu 1956 anaidula, n'kuikamo wosewera wawo Raymond Burr ngati mtolankhani, ndipo zambiri zokhudza mabombazo zinachotsedwa. Ngati inali nthano ya ana chabe, ankachotseranji?

Sayansi yopeka imatha kunena zimene munthu sangafune kumva zitanenedwa mwachindunji. Mukamuuza kuti ali ndi tsankho amatseka makutu. Mukamuonetsa zolengedwa zachilendo zikuzunzidwa amamva chisoni kaye, n'kuzindikira mochedwa kuti akudziyang'ana yekha. Sindikuti mafilimu onse a mtunduwu amatero. Ambiri ndi phokoso ndi moto basi, magalimoto kugubuduka, mizinda kugwa, mukatuluka simukumbuka ngakhale dzina la ngwazi yake. Amenewo bambo akawanyoza ine ndiwathandiza.

Yoti muyambire nonse awiri ndingasankhe District 9 ya Neill Blomkamp, ya 2009, chifukwa mitundu itatu yonseyi ili m'menemo. Chombo chachikulu cha m'mlengalenga chaima pamwamba pa Johannesburg, ndipo alendo amene anali m'katimo aunjikidwa m'zithando zozingidwa ndi waya. Imayamba ngati documentary yeniyeni, akatswiri akulankhula pa kamera, anthu a mumsewu akudandaula kuti alendowa abwerere kwawo. Dzina lake likukumbutsa District Six ya ku Cape Town, dera limene boma la tsankho linalengeza mu 1966 kuti ndi la azungu okha, anthu oposa 60,000 n'kusamutsidwa mokakamiza. Ndipo inatuluka patangopita chaka chichitikire zipolowe za May 2008 zothamangitsa anthu obwera ku South Africa, zimene zinapha anthu oposa 60.

Chigawo chimene chimandigwira ndi cha Wikus, kalaliki womwetulira wovala juzi yopanda manja, akuyenda chithando ndi chithando atanyamula mapepala oti alendowo asaine kuvomera kusamutsidwa. Sakalipa, sadziona ngati munthu woipa. Mlendo wina atamenya pepalalo mokwiya, iye amati chidindo cha dzanjacho chikukwanira ngati siginecha. Apeza chithando chodzaza mazira a alendowo, alamula kuti chitenthedwe, n'kumafotokozera kamera mosangalala za kaphokoso ka mazirawo akamaphulika. Nkhanza za muofesi, zochitidwa ndi munthu waulemu wonyamula fayilo, sindinazionepo zitajambulidwa bwino chotere mu documentary iliyonse.

Koma nayo muionere muli tcheru. Anthu a ku Nigeria m'filimuyi anawaonetsa ngati zigawenga zokhazokha, ogulitsa mfuti ndi odya ziwalo za alendowo kuti apeze mphamvu, ndipo mtsogoleri wawo anamupatsa dzina lofanana kwambiri ndi la pulezidenti wakale Olusegun Obasanjo. Nduna ya zofalitsa nkhani ya dzikolo panthawiyo, Dora Akunyili, inalamula kuti nyumba zoonetsera kanema zisiye kuionetsa, ndipo pa dandaulo lakelo ine ndili kumbali yake. Theka lachiwiri nalonso limasanduka kuomberana kosatha, Wikus ali m'kati mwa chiloboti chankhondo, zipolopolo waliwali. Ola loyamba ndilo ndikukutumizirani. Tulo tikakupezani chakumapetoko, gonani, simuphonya zambiri.