Chifukwa chimene akatswiri amalunjikitsira laser kumwamba ku Antarctica

Aphunzitsi ena a sayansi a kusekondale anditumizira imelo yonena kuti anaona chithunzi cha kuwala kobiriwira kukulunjika kumwamba kuchokera pa kanyumba kena ku Antarctica, ndipo akufunsa kuti: "Popeza kuli kale mabaluni ndi masetilaiti oyezera nyengo, kodi laser ikuwonjezerapo chiyani?" Zikomo kwambiri aphunzitsi, ndipo ndiyesetsa kuyankha mwa njira yoti mukathe kufotokozera ophunzira anu.

Chipangizo chimene munaonacho chimatchedwa lidar. Chimatumiza kuwala kwa laser, komwe ndi kuwala kwamphamvu kolunjika malo amodzi, kumwamba mothwanimathwanima, ndipo kuwalako kukagunda mpweya, utsi, fumbi kapena timibulu ta madzi oundana, kwina kumabwerera pansi n'kutoledwa ndi galasi la telesikopu. Popeza kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, nthawi imene kwatenga kupita ndi kubwerera imasonyeza kutalika kwa pamene pali chinthucho. Mphamvu ya lidar yagona pamenepa: imatchula msinkhu weniweni, ndipo imatero mobwerezabwereza usiku wonse. Baluni limadutsa kamodzi n'kuphulika likafika makilomita 30 kapena 35. Makamera a pa setilaiti nawo amavutika kusiyanitsa mtambo woyera ndi chipale choyera chimene chili pansi pake, ndiponso kumadera ngati Antarctica dzuwa limatha miyezi osatuluka. Lidar imabwera ndi kuwala kwakekwake, choncho mdima umaithandiza m'malo moilepheretsa.

Phindu lake linaonekera kwambiri pa nkhani ya ozoni. Mu 1985, Joe Farman, Brian Gardiner ndi Jonathan Shanklin a ku British Antarctic Survey analengeza kuti mpweya wa ozoni, umene umatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, unkachepa kwambiri chaka ndi chaka pamwamba pa siteshoni yochitira kafukufuku ya Halley ku Antarctica. Mpweya wa CFC wa m'mafiriji ndi m'zitini zopopera unali utafalikira dziko lonse, ndiye funso linali lakuti n'chifukwa chiyani bowo la mu ozoni linatseguka ku Antarctica. Yankho linapezeka m'mitambo yopyapyala imene imapangika pakati pa makilomita 15 ndi 25 kumwamba, kukazizira kupyola madigiri 78 pansi pa ziro. Pa timibulu ta mitambo imeneyi klorini yochokera mu CFC imasintha n'kukhala yokonzeka kuwononga ozoni dzuwa likangobwerera mu Seputembala. Mitamboyi imapangika mumdima wa nyengo yozizira, pamene maso sangaione, koma lidar imaipeza, ndipo poyang'ana mmene kuwala kwapotokera pobwerera, imasiyanitsa timadontho tamadzimadzi ndi timibulu tolimba. Siteshoni ya France ya Dumont d'Urville ku Antarctica yakhala ikuyeza mitamboyi ndi lidar kuyambira mu 1989, patangopita zaka ziwiri mayiko atasainirana Pangano la Montreal loteteza ozoni. Kwa ine, kuyeza kosadukiza kotereku n'kofunika kuposa chithunzi chilichonse chokongola, chifukwa popanda kuyerekeza zaka makumi angapo sitingadziwe ngati ozoni akubwereradi mwakale.

Kumwamba kwenikweni, pakati pa makilomita 80 ndi 105, kuli dera limene baluni silifikako ndipo setilaiti singazungulireko chifukwa mpweya ungaigwetse. Miyala yochokera kuthambo ikamapsa kumeneko imasiya timaatomu ta chitsulo ndi sodiyamu. Pulofesa Xinzhao Chu wa ku University of Colorado wakhala akuyeza timaatomu timeneti ndi lidar pa siteshoni ya McMurdo ku Antarctica kuyambira kumapeto kwa 2010, ndipo kuwala kumene timabweza kumaulula kutentha kwa mpweya ndi mafunde amene amayenda mmenemo. Kumpoto kwa dziko lapansi nakonso ntchito ya lidar ikuchitika, makamaka pa malo ochitira kafukufuku a ALOMAR pa chilumba cha Andøya ku Norway ndi ku Ny-Ålesund ku Svalbard. Pa ulendo wa kafukufuku wotchedwa MOSAiC wa 2019 mpaka 2020, pamene sitima ya ku Germany ya Polarstern inasiyidwa dala kuti imatidwe m'madzi oundana, lidar ya m'sitimayo inapeza utsi wa moto wolusa wa ku Siberia utakhazikika kumwamba pafupi ndi North Pole kwa miyezi ingapo.

Aphunzitsi, dziwaninso kuti lidar ina inakwera pa masetilaiti omwewo. Setilaiti yonyamula lidar ya CALIPSO, ya NASA ndi bungwe la France la CNES, inagwira ntchito kuyambira 2006 mpaka 2023. Vuto lalikulu la lidar ndi mtambo wochindikala, umene kuwala sikungauboole, ndipo n'chifukwa chake CALIPSO inanyamuka pa roketi imodzi ndi CloudSat, yonyamula radar imene imadutsa m'mitambo yotere. Setilaiti ya EarthCARE, imene mayiko a ku Ulaya ndi Japan anaitumiza mu Meyi 2024, inanyamula zipangizo ziwirizi pamodzi.