Kodi dzino lililonse lozulidwa limafuna implant yakeyake?

Mayi wina wa zaka 46 watilembera imelo. Anazulitsa mano 3 oyandikana a kumbuyo, m'munsi kumanzere, zaka 2 zapitazo, ndipo posachedwa dzino limodzi la kutsogolo la m'mwamba linathyokera m'nkhama n'kuchotsedwa. Amayi awo alibe dzino ndi limodzi lomwe m'munsi, ndipo mano awo oikirira amagwedera akamadya. Akufunsa ngati dzino lililonse lifunika implant yake (kachitsulo kolowa m'malo mwa muzu wa dzino), komanso ngati amayi awo angathandizike.

Mayi, pa funso loyamba yankho ndi lakuti ayi. Dzino la kutsogolo lija lifuna implant imodzi ndi crown imodzi (dzino lopanga lovekedwa pamwamba pake). Gwelu la mano 3 nthawi zambiri limatsekedwa ndi ma implant 2 onyamula bridge ya mano 3, ndiye kuti mano opanga olumikizana. Amayi anu, amene anataya mano onse a m'munsi, ma implant 2 okha akhoza kuwasinthira kadyedwe. Dokotala wodziwa ntchito sawerenga magwelu. Amayamba waona fupa limene latsala, chifukwa fupalo ndi limene limanena kuti ma implant akhale angati, akhale pati, ndiponso ngati angaikidwe n'komwe.

Implant ndi kachitsulo ka mazinga, kooneka ngati bawuti, kamene kamalowa m'fupa la nsagwada m'malo mwa muzu. Ambiri amakhala mamilimita 3 mpaka 5 m'mimba mwake ndi mamilimita 8 mpaka 13 kutalika. Pamwamba pake pamamangidwa kachidutswa kotchedwa abutment, kamene kamatulukira pa nkhama, ndipo pa abutment mpamene pamakhala dzino looneka, kaya ndi crown, bridge kapena mano oikirira. Chitsulo chake ndi titanium. Mu 1952 dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, anaona kuti fupa lamoyo limamera n'kugwirana ndi titanium mpaka osachokanso, ndipo mu 1965 anaika ma implant mwa munthu woyamba. Kugwirana kumeneko ndi kumene aliyense woikidwa implant amadikira miyezi, ndipo palibe njira yokudumphira.

Zaka 2 zimene zadutsa chizulitsireni mano a kumbuyo ndi nkhani yaikulu pa funso lanu. Fupa logwira dzino limakhalapo chifukwa cha dzinolo. Likangozulidwa, fupa limayamba kuphwa, ndipo m'chaka choyamba likhoza kutaya pafupifupi theka la kunenepa kwake, makamaka m'miyezi 3 yoyambirira. Ndi maso simungaone bwino, chifukwa nkhama zimaphimba. N'chifukwa chake musalole kuboolewa nsagwada dokotala atangoona X-ray yaing'ono ya dzino limodzi. Pamalo ngati anuwo pamafunika chithunzi cha CBCT (X-ray yojambula nsagwada mbali zonse), chimene chimaonetsa kunenepa ndi kutalika kwa fupa, komanso pamene pakudutsa mtsempha waukulu wa m'nsagwada ya m'munsi. Mtsempha umenewu ndi umene umachititsa kuti mlomo wa m'munsi ndi chibwano zizimva kukhudza. Nsonga ya implant iyenera kuusiyira mamilimita osachepera 2, apo ayi munthu amatha kutsala ndi dzanzi pamlomo kwa miyezi, mwina moyo wonse. Palinso miyeso ina iwiri yosanyalanyazidwa: mamilimita 1.5 pakati pa implant ndi dzino loyandikana nalo, ndi mamilimita 3 pakati pa ma implant 2. Akathithikana, fupa la pakati pake limasowa magazi n'kutha. Apa mukhoza kuona kuti ma implant 3 opanikizana pa gwelu laling'ono ndi oipa kuposa 2 otalikirana bwino.

Fupa likachepa amaliwonjezera, pogwiritsa ntchito la munthu yemweyo kapena lokonzedwa kale, n'kuliphimba ndi kansalu kopyapyala kapadera. Likapelewera pang'ono, izi zimachitika tsiku lomwelo loika implant. Likapelewera kwambiri, amayamba awonjezera fupa n'kudikira miyezi 4 mpaka 6 kapena kupitirira.

Tsiku la opaleshoni, mumabayidwa jakisoni wa dzanzi ngati pozula dzino. Dokotala amatsegula nkhama, n'kuboola fupa ndi ziboolero zingapo, kuyambira chaching'ono cha mamilimita 2 n'kumakulitsa pang'onopang'ono, uku madzi a mchere akuthiridwa osalekeza. Madziwo si otsukira chabe. Fupa likatentha kufika madigiri 47 kwa mphindi imodzi limafa, ndipo fupa lakufa siligwira implant. Kenako amazinga implant mpaka italimba, n'kusoka. Kutupa kumakula tsiku lachiwiri ndi lachitatu kenako kumaphwa, ndipo ulusi umachotsedwa pakadutsa masiku 7 mpaka 14. Kudikira kuti fupa ligwire kumatenga miyezi 2 mpaka 4 m'munsi, pamene m'mwamba, komwe fupa ndi lofewerako, kumatha kufika miyezi 6. Zikatero amajambula kapena kudinda mkamwa, mano n'kukapangidwa.

Dzino lanu la kutsogolo, ngakhale ndi limodzi, ndi limene lili lovuta kuposa onse. Fupa la kunja kwa mano a kutsogolo ndi lopyapyala kwambiri, nthawi zambiri silikwana n'komwe milimita imodzi, ndipo likaphwa nkhama zimakwera nalo. Zotsatira zake ndi dzino looneka lalitali kuposa linzake, kapena nkhama zoderapo chifukwa chitsulo chikuonekera mkati. Popeza lachotsedwa posachedwa, kaonaneni ndi dokotala msanga fupa lisanathe. Ena amaikidwa crown yongoyembekezera tsiku lomwelo, koma zimatheka pokhapokha implant italimba bwino poizinga, ndipo crown imeneyo ndi yomwetulira, si yolumira. Funsaninso ngati crown yeniyeni idzamangidwa ndi kabawuti kapena simenti. Ya kabawuti ndi yabwino pamene zikutheka, chifukwa imamasulidwa ikafuna kukonzedwa. Ya simenti ili ndi vuto lobisika: simenti yotsalira pansi pa nkhama imasunga tizilombo, ndipo fupa limayamba kudyeka patapita zaka, mwini wake osamva kanthu.

Pa bridge ya kumbuyo, ma implant amakhala kumapeto onse awiri, dzino lapakati n'kukhala lolenjekeka pa anzakewo. Wina akakuuzani kuti aike implant imodzi n'kuimangirira ku dzino lanu lachibadwa kuti ntchito ichepe, ganizirani kawiri. Dzino lachibadwa lili ndi timinyewa tozungulira muzu timene timalilola kusuntha pang'ono mukaluma, pamene implant ili ngati nsanamira yothiridwa simenti, siisuntha. Zinthu ziwirizi zikamangidwa pamodzi, katundu amapita mbali imodzi, kabawuti n'kumamasuka kapena simenti n'kumatuka. Chinanso choti dokotala aone ndi mano a m'mwamba oyang'anizana ndi gwelulo. Pa zaka 2 amatha kutsika chifukwa chosowa chowatchinga, ndipo malo a bridge akachepa amafunika kuwapala pang'ono kapena kuwabwezeretsa kaye.

Za amayi anu. Mano oikirira a m'munsi amavuta kuposa a m'mwamba chifukwa alibe malo otakasuka oti amamatire, ndipo lilime limawakankha nthawi zonse. Mu 2002 akatswiri atakumana ku McGill University ku Montreal, m'dziko la Canada, anagwirizana kuti munthu wopanda mano m'munsi ayenera kuganiziridwa kaye mano oikirira ogwiridwa ndi ma implant 2. Ma implant amenewa amaikidwa kutsogolo kwa nsagwada, komwe fupa limatsalako ngakhale kwa okalamba ndipo mtsempha uja sufikako. Pamwamba pake pamakhala timitu ngati mabatani, ndipo mano oikirira amadinikizidwa n'kugwira kuti tswii. Amavula usiku n'kutsuka m'manja, zimene zimathandiza kwambiri munthu amene maso kapena zala zayamba kufooka. Timphira ta mkati mwake timatha, ndipo timasinthidwa pakadutsa miyezi 6 mpaka chaka. Mano akayambanso kugwedera, kawirikawiri vuto limakhala timphirato, osati implant.

Ilipo njira ya mano osavula, yodziwika ndi dzina lakuti All-on-4, imene anaiyambitsa Paulo Maló wa ku Portugal: ma implant 4, awiri a kumbuyo opendekeka, onyamula mano a nsagwada yonse. Kutafuna kwake ndi kwamphamvu, koma pansi pake pamafuna kutsuka mwakhama tsiku ndi tsiku. Ngati amayi anu sangakwanitse zimenezo, ovula aja ndiwo owayenera. Ukalamba pawokha suletsa implant. Chofunika kufufuza ndi mankhwala amene akumwa. Ngati amalandira mankhwala olimbitsa mafupa monga alendronate, zoledronate kapena denosumab, kapena anawotchedwapo khansa m'mutu kapena m'khosi, dokotala auzidwe asanagwire chilichonse, chifukwa fupa la nsagwada likhoza kukanika kupola n'kuyamba kufa.

Ma implant oposa 9 mwa 10 amakhala akugwirabe ntchito patatha zaka 10. Amene amalephera, amalephera m'njira ziwiri. Ena sagwira n'komwe m'miyezi yoyamba, chifukwa cha fodya, shuga wosatsika, fupa lotenthedwa poboola, kapena kutafunira msanga. Implant yotere imagwedera, ndipo palibe choilimbitsira: imachotsedwa, pamalopo n'kupola, kenako n'kuyesanso. Ena amadwala patapita zaka. Implant siibooka ngati dzino, koma nkhama ndi fupa lozungulira zimadwala. Zimayamba ndi nkhama zofiira, zotuluka magazi potsuka, ndipo apa zimachizika bwinobwino. Zikalekereredwa, matendawo amafika pa fupa, ndiwo amatchedwa peri-implantitis, ndipo fupa limene lapita n'lovuta kulibweza. Choopsa chake n'chakuti sizipweteka mpaka mochedwa.

Pali funso limene simunatiuze, Mayi, koma ndi lofunika kwambiri: mano 3 aja anazulidwa chifukwa chiyani? Ngati anabooka, nkhani ndi ina. Ngati anagwedera chifukwa cha matenda a nkhama, tizilombo tomwe tija tidakali mkamwa ndipo tidzagwiranso ma implant. Matendawo achizidwe kaye, fodya asiyidwe ngati mumasuta, shuga atsike, kenako opaleshoni.

Mano akaikidwa, mswachi wokha sukwanira. Mufunika timiswachi ting'onoting'ono tolowa pakati pa mano, ndi ulusi wa nsonga yolimba wodutsa pansi pa bridge, kamodzi pa tsiku. Ngati mumakukuta mano m'tulo, pangitsani chovala mkamwa usiku, chifukwa implant siimva kulemera monga dzino, ndipo chimayamba kugonja ndi kabawuti kapena crown. Kaonaneni ndi dokotala miyezi 6 iliyonse, ndipo X-ray ya tsiku loika crown isungidwe kuti ya m'tsogolo izidzafananizidwa nayo. Mukamva crown ikugwedera, musaitafunire podikira tsiku lanu: kabawuti komasuka kamamangidwa m'mphindi zochepa, koma kakathyokera mkati mwa implant kamavuta kwambiri kuchotsa. Ndipo dzanzi la pamlomo likapitirira tsiku limodzi chichitikireni opaleshoni, bwererani tsiku lomwelo, chifukwa mtsempha wopanikizidwa umachira bwino implant ikabwezedwa kapena kuchotsedwa msanga.